Safunsa Anadya Phula

Abale anga alimi, ine ndine munthu wa ku Kasakula, m'boma la Ntchisi, kumene mapiri athu agundana ndi a ku Dowa. Ndinaphunzitsa ana sukulu zaka zambiri, ndipo tsopano ndinapuma; ndilima chimanga, mtedza ndi soya monga aliyense wa inu. Nkhani imene ndifuna kukuuzani ndi yochititsa manyazi kwa ine, pakuti wolakwa m'nkhaniyi ndine ndemwe. Koma ndaganiza kuti kuli bwino nkhalamba imodzi ichite manyazi m'nyuzi kusiyana ndi kuti mabanja ena akumbe manda a ana.

Pakhomo pathu tisunga adzukulu awiri, ana a mwana wathu wamkazi amene agwira ntchito ku Lilongwe. Wamkulu ndi mnyamata, dzina lake Mphatso, amene pa nthawiyo anali wa zaka 6. Wamng'ono ndi mtsikana, anali wa zaka 3. M'mwezi wa February 2022, mvula ili pakati ndipo udzudzu uli ponseponse, Mphatso anadzuka thupi lili moto, akudandaula mutu. Ndinamukweza pa njinga ndi kupita naye ku chipatala chathu chaching'ono. Anamubaya chala, napeza malungo. Anamuyeza pa sikelo, nalemba m'kabuku kake kuti alemera makilogalamu 18. Tsono anatitumiza ku zenera la mankhwala, kumene ambiri timati ku famase.

Pa zenerapo panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza. Anawerenga kabuku, natenga paketi ya LA ya mapiritsi 12, natunga madzi m'kapu, nati, "Agogo, mwanayu amwe mapiritsi awiri oyamba pompano ine ndikuona, kenaka ndikufotokozereni za otsalawo."

Ine ndinayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada kumapiri, ndipo panjira yathu pali kamtsinje kamene kakadzaza sikaolokeka mpaka m'mawa. Ndinati, "Mwana wanga, ine ndinali mphunzitsi iwe usanabadwe. Kuwerenga ndidziwa. Ndipatse mankhwalawo ndizipita, mvula ingatitsekereze."

Sanakangane nane. Anangoti, "Chabwino agogo, koma chonde amalize onse, ngakhale aoneke ngati wachira." Mau amenewo analowa khutu ili natulukira linali.

Titafika kunyumba ndinam'patsa mapiritsi awiri madzulo, awiri m'mawa mwake, awiri madzulo ake. Tsiku lachitatu mnyamata anadzuka akufuna nsima, ndipo pofika masana anali kuthamangitsa mbuzi kudambo. Mapiritsi 6 anali atatsala. Ndinati mumtima mwanga: chipatala chili kutali, mvula ikadalipo, ndipo mng'ono wake angadwale usiku; bwanji ndisunge awa? Ndinawaponya m'chitini chakale cha mkaka chimene chimakhala pamwamba pa khoma, momwe tinali kusungamo mankhwala onse a pakhomo.

Akazi anga anaona, nati, "Abambo, kodi simunanene kuti mtsikana uja anati amalize?"

Ndinayankha kuti, "Naphiri, taonani mwanayo ali kuthamanga. Kodi wodwala amathamanga?" Iwo anakhala chete, pakuti m'nyumba muja wophunzira ndinali ine.

Patapita sabata, mlongo wake anatentha thupi ndi kutsokomola. Sindinapite naye kukabayitsa chala. Ndinam'patsa mapiritsi otsala aja, ndipo ndinadzitama kuti ndapulumutsa ulendo. Koma pasanathe masabata atatu chichirire, Mphatso anagonanso. M'chitini munalibe LA. Tsikulo linali la msika, motero ndinapita kwa munthu wina amene ayala mankhwala pa pepala la pulasitiki pansi, pafupi ndi ogulitsa usipa, dzuwa lili kuwaomba. Anandikulungira mapiritsi atatu oyera m'kapepala, nati ndi Fansida. Analibe katoni, analibe dzina, analibe tsiku lotha mphamvu. Ndinalipira, ndinam'mwetsa mwana, ndipo ndinadikira.

Usiku wachiwiri, tambala asanalire, Naphiri anandigwedeza. Mwana anali atauma thupi, mano atalumana, maso atatembenuka. Tinam'tchula dzina koma sanayankhe. Ndinathamanga mumdima kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo tinayenda m'matope ine nditamufungata mwanayo pakati. Amene munanyamulapo mwana wokomoka pa misewu ya kwathu kuno nthawi ya dzinja mudziwa kutalika kwa usiku wotere. Ku chipatala chaching'ono anam'baya jekeseni, natitumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko anapeza kuti malungo akula ndipo magazi atha, kotero kuti anam'thira magazi ena. Tinakhala masiku 5.

Mai wake anabwera kuchokera ku Lilongwe. Sanandifunse kanthu, ndipo kusafunsa kwakeko kunandilemera koposa chipongwe. Tsiku lachitatu, mwana atatsegula maso ndi kupempha madzi, ndinatuluka naye panja ndi kumuuza zonse. Analira, koma anangoti, "Ababa, mukanandiimbira foni."

Titabwerera kumudzi ndinayenera kupita ndi mwanayo ku chipatala chathu kuti akamuonenso. Ndinafika pa zenera lomwe lija miyendo ili yolemera. Mtsikana uja anatsegula kabuku, nawerenga tsamba la February ndi tsamba la ku chipatala chachikulu. Anandiyang'ana, nafunsa motsitsa mau kuti a pamzere asamve, "Agogo, LA woyamba uja anamaliza?"

Ndinati, "Ayi, mai. Ndinasunga theka."

Onani kuti tsiku limenelo sindinamutchenso mwana wanga.

Ndinayembekeza kudzudzulidwa, koma iye anati, "Sindinu oyamba. Mubwere Lachinayi masana anthu akachepa, ndipo munyamule mankhwala onse amene ali m'nyumba mwanu, ngakhale a agogo aakazi, ngakhale a nkhuku."

Lachinayi ndinapita ndi chitini changa. Asanachitsegule anayamba wandifotokozera za LA, ndipo ine mphunzitsi ndinakhala pa benchi ngati mwana wa Sitandade 1. Anati m'piritsi limodzi muli mankhwala awiri. Oyamba, otchedwa artemether, ndi aukali ndi achangu: apha tizilombo tambiri ta malungo mofulumira, koma sakhalitsa m'thupi. Achiwiri, otchedwa lumefantrine, ndi odekha: aunjikana m'magazi pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene munthu amwa, nakhala masiku ambiri kusesa tizilombo totsala. Ndicho chifukwa chake mwana aoneka wochira tsiku lachiwiri pamene tizilombo tina tikadali moyo. Mukalekeza pamenepo, totsalato tiswananso, ndipo pakapita masabata awiri kapena atatu malungo abwerera, mwana ali kale wofooka ndi wochepa magazi.

Anandionetsa zithunzi za pa paketi, zimene ine wodziwa kuwerenga sindinaziyang'ane n'komwe. LA amwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Mukamwa koyamba, mumwenso pakapita maola 8. Masiku awiri otsatira mumwe m'mawa ndi madzulo. Chiwerengero cha mapiritsi chitsata sikelo, osati maso a agogo: mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amwa limodzi nthawi iliyonse; wa 15 mpaka 24 amwa awiri; wa 25 mpaka 34 amwa atatu; wa 35 ndi kupitirira amwa anayi. Ndiponso lumefantrine salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Wakhanda ayamwe bere. Wamkulu adye phala la nsinjiro kapena amwe mkaka. Apa ndinagwira mutu, pakuti nkhokwe yanga inali ndi mtedza, koma Mphatso ndinam'mwetsa ndi madzi okha. Anatinso mwana akasanza lisanathe theka la ola chimwereni, mankhwalawo abwerezedwe, ndipo mubwere kudzatenga olowa m'malo mwake kuti muyeso ukwane.

Ndinamuuza kuti ife akale tinazolowera Fansida, mapiritsi atatu kamodzi n'kwatha, kotero masiku atatu ationekera ngati kuononga mankhwala. Iye anaseka pang'ono, nati Fansida analeka kale kukhala mankhwala ochizira malungo. Masiku ano aperekedwa ku sikelo ya amayi oyembekezera kuti awateteze. Tsono ngakhale mapiritsi a kumsika aja akanakhala Fansida weniweni, sakanam'thandiza Mphatso mokwanira. Ndipo ngati anali Fansida kapena china, palibe adziwa kufikira lero.

Kenaka anakhuthula chitini pa tebulo. Abale, munthu sadziwa zimene asunga m'nyumba mwake kufikira mlendo ataziyala poyera. Munali Bakitirimu wotsala pa chifuwa cha Naphiri cha zaka zitatu zapitazo. Munali makapisozi a amokisilini osakwana khumi. Munali botolo la mankhwala a madzi a ana, limene tinasungunula miyezi yambiri kumbuyoko, pamene mankhwala otere akathiridwa madzi sapitirira sabata imodzi kapena awiri. Munali mankhwala opaka m'maso otha mphamvu, asipirini, Panado, mapiritsi a chimfine, Bufeni wambiri, ndi mapiritsi ena achikasu amene ine kapena Naphiri sitinakumbuke kuti anali a chiyani.

Anafunsa kuti Bufeni amwa ndani. Ndinati Naphiri amwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha maondo, ndipo timagula pa golosale. Anafunsanso ngati iwo ali ndi matenda ena. Ndinati alandira mankhwala a BP mwezi ndi mwezi pa zenera lomwelo. Pamenepo nkhope yake inasintha. Anati Bufeni womwa masiku onse akweza BP, alimbana ndi mankhwala ake, ayambitsa zilonda za m'mimba ndipo aononga impso, makamaka kwa okalamba. Miyezi yonseyo a chipatala anali kudabwa kuti BP ya Naphiri sitsika bwanji, osadziwa za Bufeni wa pa golosale, popeza sitinawauze ndipo m'kabuku munalibe. Anati tibwere nawo kwa dotolo kuti maondowo awaone bwino.

Ananyamula Panado ndi mapiritsi a chimfine, nandionetsa timalemba tating'ono. Onse awiri anali ndi mankhwala amodzi, paracetamol. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, ndipo wopitirira muyeso aononga chiwindi mosadziwa. Womwa mitundu iwiriyo pamodzi aganiza kuti wamwa mankhwala awiri osiyana, pamene wangowirikiza amodzi. Asipirini anati asapatsidwe kwa ana otentha thupi. Za Bakitirimu anati ndi wa banja limodzi ndi Fansida, ndipo munthu amene anatulukapo zidzolo kapena zilonda m'kamwa atamwa mmodzi wa awiriwa anene msanga kuti zilembedwe pa kabuku kake, chifukwa kumwanso kungamuphe.

Atafika pa makapisozi ndinaulula kuti ena tinasungunulira nkhuku chaka chimene chitopa chinalowa m'mudzi. Anafunsa, "Nanga nkhukuzo zinachira?" Ndinati zinafa zonse kupatula ziwiri. Anati chitopa sichimva makapisozi. Chimene chiteteza nkhuku ndi katemera wodonthezera m'diso amene alangizi a ziweto adziwa. Chimfine cha anthu nachonso sichimva makapisozi. Pomaliza anandibwezera Panado yekha. Zina zonse anasunga kuti zikaonongedwe mwa dongosolo, kuti ana asazitole kudzala.

Chaka chotsatira anthu anandisankha kulowa m'komiti ya chipatala, imene mwa ntchito zake ichitira umboni pamene galimoto yabweretsa mankhwala. Kumeneko, pocheza ndi antchito a chipatala ndi powerenga zimene anandibwereka, ndinadziwa kuti zimene zinandichitikira ine anthu ophunzira anazifufuza kale, ndipo ena anazifufuza m'Malawi mommuno.

Ofufuza ena anagwira ntchito m'boma la Phalombe, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2011. Anatsata odwala malungo amene analandira LA ku zipatala za kumidzi, nawayendera kunyumba kwao kukawerenga mapiritsi otsala ndi kufunsa mamwedwe. Anapeza kuti pafupifupi 65 mwa 100 alionse ndiwo anamwa monga mwa malangizo. Ndiye kuti mmodzi mwa atatu anachita zonga zanga, kapena anasokoneza nthawi. Koma chimene chinandilasa mtima ndi ichi: odwala amene anamwa mapiritsi oyamba pamaso pa wa chipatala, ndi amene anafotokozeredwa mamwedwe powaonetsa paketi yeniyeniyo, ndiwo anamaliza bwino koposa anzao. Zinthu ziwiri zimenezi ndizo mtsikana uja anafuna kundichitira tsiku la mitambo lija, ndipo ine ndinazikana poopa kunyowa.

Vuto silithera pa mwana mmodzi. Ife alimi tidziwa kuti ukathira mankhwala operewera m'matumba a chimanga, anankafumbwe ofooka afa koma olimba atsala, ndipo ndiwo aswana. Tizilombo ta matenda nato titero. Akuluakulu mukumbuka klorokwini, wowawa ndi woyabwa uja. Anachiza makolo athu zaka zambiri, kenaka tizilombo tinaleka kumumva, ndipo mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kumusiya ndi kutenga Fansida. Fansida nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinalandira LA. Tsopano ku Rwanda, ku Uganda ndi ku Tanzania ofufuza apeza kale tizilombo ta malungo timene tichedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemether. Tanzania si kutali. Zifukwa za kufooka kwa mankhwala ndi zingapo, koma kumwa moperewera ndi kumwa osayezetsa zili m'gulu la zimene ife eni tingathe kuleka.

Za makapisozi nazo zafufuzidwa. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaunika magazi a odwala kuyambira 1998 mpaka 2016, nasindikiza zotsatira mu 2017. Kachilombo kena kotchedwa E. coli, kamene kakalowa m'magazi kangaphe munthu, mu 2003 kanali kosamva jekeseni yamphamvu mwa odwala osakwana mmodzi pa 100 alionse. Pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100. Kapisozi aliyense womwedwa pa chimfine kapena wosungunulira nkhuku ndi sukulu yophunzitsa tizilombo kupirira, ndipo tsiku limene mwana adzadwala chibayo chenicheni tidzapeza mankhwala atasanduka ufa wamba.

Nanga mapiritsi a pa pepala la pulasitiki? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 alionse amodzi ndi achinyengo kapena operewera mphamvu. Kuno kwathu a Felix Khuluza a ku sukulu ya za mankhwala ku Blantyre pamodzi ndi anzao anatola mankhwala a malungo ndi a tizilombo tina m'chigawo cha kum'mwera, nawayeza, ndipo mu 2017 analengeza kuti m'zipatala za boma ndi za mipingo mankhwala oipa anali ochepa. Imeneyi ndi nkhani yolimbitsa mtima: za pa zenera zili ndi eni ake oziyang'anira. Za pansi pa mtengo zilibe mboni. Ndipo mankhwala oipa sangolephera kuchiza kokha. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitaonongeka, atamwa mankhwala a madzi a chifuwa ndi chimfine amene munapezeka poizoni. Chaka cha 2017 chomwecho WHO inayambitsa ntchito yofuna kuchepetsa ndi theka ngozi zazikulu zobwera chifukwa cha kulakwitsa mankhwala, chifukwa vutoli lili m'maiko onse, olemera ndi osauka omwe.

Ndinafunanso kudziwa kuti anthu a pa zenerawa aphunzira kuti, pakuti kale ndinali kuwayesa owerenga mapiritsi chabe. Ndinapeza kuti ali magulu atatu. Apamwamba ndi akatswiri a mankhwala a digiri. Maphunziro ao anayamba mu 2006 ku College of Medicine ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Chisanafike chaka chimenecho, Mmalawi wofuna digiri imeneyi anayenera kupita kunja. Achiwiri ndi a dipuloma ochokera ku Malawi College of Health Sciences, amene muwapeza kawirikawiri m'zipatala za pa boma. Achitatu ndi othandizira, a maphunziro a zaka ziwiri pa sukulu yomweyo. Maphunziro a othandizirawa anakhazikitsidwa cha m'ma 2012 ndi 2013 ndi Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la VillageReach ndi University of Washington ya ku America, makamaka chifukwa cha zipatala zazing'ono za kumidzi, kumene mankhwala anali kuperekedwa ndi antchito ena amene sanaphunzire ntchitoyo, kapena ndi namwino amene ali kale ndi mzere wa amayi. Mtsikana wathu uja ndi wa gulu lachitatu. Onsewa, pamodzi ndi masitolo ogulitsa mankhwala, ayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene lamulo la 2019 linaika m'malo mwa bodi yakale ya 1988.

Ntchito yao yambiri sitiiona ife a pamzere. M'komiti ndaona mmene awerengera katoni iliyonse ikafika, mmene aikira kutsogolo mankhwala oyandikira kutha mphamvu kuti ayambe kutuluka, mmene atetezera chipinda ku kutentha ndi chinyezi, ndi mmene alembera za mwezi kuti oda ya mwezi wa mawa isaperewere. Ndaonanso mtsikana uja akunyamuka ndi kabuku ka wodwala kubwerera nako kwa wolemba mankhwala kukafunsa, chifukwa muyeso wolembedwa sunagwirizane ndi sikelo ya mwana. Panalibe kukangana, anakonza, ndipo mai wa mwanayo sanadziwe n'komwe kuti wapulumuka ku chiyani. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutu wa dotolo.

Sindifuna kunama kuti zonse zili bwino. Anthu ophunzira ntchitoyi akadali ochepa, ndipo si chipatala chilichonse chili naye. Mzere ukatalika, ngakhale wodziwa afulumira. Masiku ena ufika utayenda mtunda wautali n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, ukagule. Ndidziwa kuti ambiri opita kwa wa pepala la pulasitiki sapitako mwa uchitsiru, koma chifukwa ali pafupi ndipo agulitsa mapiritsi awiri kwa munthu wa ndalama ya mapiritsi awiri. Umphawi ndi mtunda si zolakwa zathu. Koma ngakhale zili choncho, mukauzidwa kukagula, pemphani kuti akulembereni dzina la mankhwala, muyeso ndi masiku, ndipo kaguleni pa sitolo ya mankhwala yokhala ndi chiphaso, mankhwalawo ali m'paketi yao yoonetsa dzina ndi tsiku lotha mphamvu. Makapisozi, majekeseni ndi LA si katundu wa pamsika. Ndipo ana osakwana zaka 5 ali ndi alangizi a zaumoyo amene m'midzi yambiri yakutali achititsa kachipatala ka m'mudzi. Dziwani tsiku lake ndi nyumba yake mwana asanadwale.

Tsono inu amene mudzaima pa zenera sabata ino, musachoke musanadziwe zinthu izi. Mankhwalawa dzina lao n'chiyani, ndipo ndi a matenda anji? Ndimwe angati, kangati pa tsiku, kwa masiku angati? Ndimwe ndisanadye kapena nditadya, ndipo pali chimene ndiyenera kupewa, monga mowa? Ndikaona chiyani ndibwerere msanga? Kenaka nenani inu zanu: mankhwala ena onse amene mukumwa, a ku chipatala, a pa golosale ndi a zitsamba omwe; ngati muli ndi pathupi kapena muyamwitsa; ngati mankhwala ena anakuwengani kale. Akatha kufotokoza, bwerezani ndi pakamwa panu zimene mwamva kuti akukonzeni ngati mwaphonya. Osadziwa kuwerenga pemphani kuti akujambulireni dzuwa ndi mwezi pa kathumba. Odziwa kuwerenga, monga ine, chenjerani koposa, chifukwa ife ndife amene tichita manyazi kufunsa.

Ndipo inu abambo anzanga, mverani amayi a kunyumba. Naphiri sanapitirire Sitandade 3, koma tsiku lija iwo ndiwo ananena zoona. Atasiya Bufeni wa tsiku ndi tsiku, BP yao inayamba kumvera mankhwala.

Mphatso ali moyo, ndipo apita ku sukulu. Chaka chatha anadwalanso malungo. Tinapita tonse awiri pa zenera, ndipo anamwa mapiritsi oyamba pomwepo ine nditagwira kapu. Kunyumba iye mwini analemba mizere 6 ndi khala pa khoma la khitchini, nafafaniza umodzi nthawi iliyonse akamwa ndi phala lake la nsinjiro. Tsiku lachitatu m'mawa anali kale kusewera mpira, koma dzuwa litapendeka anabwera yekha, nati, "Agogo, watsala umodzi."

Chitini chija chikadalipo pamwamba pa khoma. Masiku ano tisungamo mbewu ya maungu.